Makhadi a Mgonero m'Katoni ya ku Chigayo

A Binwell Kamphinda anafika kwa aphunzitsi a Mlongoti dzuwa lili paliwombo, tsiku limene mayi Elube Nangondo anatisiya. Galimoto anaiimika pakhomo penipeni mpaka nkhuku zinamwazika. Ine ndinali pomwepo, kaundula wa mpingo ali m'manja, chifukwa ndine mlembi ndipo aphunzitsiwo anandiitanitsa m'mawa.

A Mlongoti ndiwo anatiphunzitsa kalasi ya ubatizo tonsefe, ndi a Kamphinda omwe. Anapuma pantchito kalekale, koma abusa akachokapo nkhani zolemera zimagwera pakhonde pawo. Tsikulo abusa anali kumsonkhano kutali, ndipo ananena pafoni kuti chimene agamule a Mlongoti ndicho chichitike.

Nkhani inali iyi. Mumpingo mwathu mkhristu akajomba ku Mgonero wa Ambuye katatu motsatana popanda chifukwa, dzina lake limachotsedwa m'kaundula, ndipo akamwalira mpingo suimba pamaliro ake. Mayi Nangondo anajomba katatu. Dzina lawo ndinalikhwatcha ndine, nditamva kwa a Kamphinda kuti mayiwo anangosiya kupemphera. A Kamphindawo ndiwo mkulu wa mpingo woyang'anira mlaga wawo, kutanthauza midzi imene anapatsidwa kuti aziyendera. Mwambo wa maliro unali mawa lake, ndipo ana a malemu, amene anali atangofika kuchokera kutauni, ankalira pawiri.

Mlendoyo anapeza aphunzitsi akumata chubu cha njinga. Iwo anapukuta m'manja, nampatsa mpando umodzi womwe unalipo, eni ake n'kukhala panjerwa. Atalonjerana, a Kamphinda sanazungulire.

"Aphunzitsi, ndabwera kuti mundithandize. Anamfedwa akundisowetsa mtendere. Akufuna kwaya, akufuna ulaliki. Ine ndawauza kuti lamulo ndi lamulo. Zinthu za Mulungu si zoseweretsa. Tikalekerera lero, mawa aliyense azidzachita za m'mutu mwake."

"Mwanena zoona, akulu, si zoseweretsa," anatero a Mlongoti. "Koma ine ndakalamba, zina ndayamba kuiwala. Tandikumbutsani. Mgonero ukayandikira, mkulu wa mpingo amatani?"

"Amayendera mlaga wake khomo ndi khomo, amapemphera ndi akhristu, kenako n'kupatsa aliyense khadi lolowera nalo ku Mgonero."

"Zikomo. Ndi mmene mumachitira inuyo?"

A Kamphinda anaseka pang'ono.

"Masiku ano tinaipeputsa ntchitoyi, aphunzitsi. Anthu a mlaga wanga onse amagayitsa kuchigayo changa. Makhadi ndimawasiya pomwepo m'katoni, aliyense akabwera ndi chimanga amatenga lake. Palibe anadandaulapo."

Khadi limene makolo athu ankalilandira ndi manja awiri atagwada, lero likukhala m'katoni pambali pa madeya, ndipo mwini nkhani akufotokoza ngati wapeza nzeru yoti timuombere m'manja. Amati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo a Kamphinda anali nawo awiri, chigayo ndi mpingo, koma apa wovumbwayo sanali mwini mapanga. Ndinafuna kulankhula, aphunzitsi anandiyang'ana kamodzi, ndinatseka pakamwa.

"Nanga amene sangathe kufika kuchigayoko?" anafunsa.

"Amatuma munthu."

"Mayi Nangondo anatuma yani?"

"Sanatume aliyense. N'chifukwa chake ndikunena kuti za Mulungu anazitaya."

"Pepani, akulu, ndifunsenso kamodzi. Munawaona liti komaliza?"

A Kamphinda anakanda m'mutu.

"Papita kanthawi ndithu. Ntchito, aphunzitsi, mukudziwa."

"Ine ndinawaona sabata yatha," anatero a Mlongoti. "Ndinamva mochedwa, ndipo manyazi a kuchedwako ndi anga. Anaterereka pachitsime chaka chatha, mvula yoyamba, chiuno n'kuthyoka. Kuchokera pamenepo sanadzukenso pamphasa. Wowasamalira anali mlamu wawo wa mpingo wina, amene za makhadi athu sazidziwa. Anandiuza okha kuti akamva zoti Mgonero wayandikira, ankapempha kuti awasambitse, awaveke bulauzi yawo yoyera ya kutchalitchi, chitseko achisiye chotsekula. Ankati mkulu wawo wa mpingo abwera ndi khadi, akawaona mmene alili akauza abusa kuti awabweretsere Mgonero kunyumba, monga timachitira ndi odwala. Anavala katatu konse."

Ndinayang'ana mzere umene ndinadutsitsa pa dzina lawo ndipo ndinadzida. Ndinakhwatcha munthu osafunsa n'komwe kuti ali bwanji, chifukwa wondiuzayo anali wa jekete.

Munthu wina akanagwetsa nkhope pamenepo, koma a Kamphinda anakonza kolala.

"N'zachisoni ndithu, sindikukana. Komatu akanatumiza uthenga. Ine ndili ndi mabanja makumi anayi, sindingadziwe yemwe wagwa ndi yemwe wadzuka. Ndiye mukutanthauza kuti tiphwanye lamulo chifukwa cha chisoni?"

Ndakhala ndi a Mlongoti zaka zambiri, sindinawamvepo akukweza mawu, ndipo tsikulo sanakwezenso. Koma chubu chija anachiika pansi.

"Ayi, akulu, lamulo tilisunga, ndipo tilisunga lonse. Limati wojomba popanda chifukwa. Mayiwa anajomba katatu pagome la Ambuye miyendo itawakana. Inu munajomba katatu pakhomo pa munthu amene Ambuye anakuikizani, muli ndi miyendo iwiri ndi matayala anayi. Tsiku limene abusa ankakusanjikani manja, ine ndinalipo. Simunalonjeze kugawa mapepala, munalonjeza kusunga anthu. Za dzina lanu tidzakambirana abusa akabwera. A mlembi, bwezerani dzina la mayi Nangondo."

Ndinalemba pomwepo, kaundula ali pabondo.

"Ndiye ine ndikawauze chiyani anamfedwa?" anafunsa a Kamphinda, mawu atatsika.

"Mukawauze zoona, pamaso pa onse, kuti wosowa anali inu. Mawa mpingo uimba, ndipo inu mudzayenda wapansi kutsogolo kwa bokosi. Anakudikirani chaka chathunthu kuti muwafikitse pagome la Ambuye, simunabwere. Kawafikitseni kumanda. Ndiyo ntchito yokha imene yatsala yoti muwachitire."