Maselo a Mayi Nangondo

Kalekale, makompyuta akadali aakulu ngati kabati, m'tauni ina munali chipatala chokhala ndi kanyumba ka kafukufuku kuseri kwake. Mkulu wa pamalopo anali Bambo Chimbalanga, ndipo lamulo lawo linali limodzi: magazi ovuta amatumizidwa kunja kwa dziko, anthu a kuno ntchito yawo ndi kumata mayina pamabotolo basi.

Tsiku lina kunabwera telala wina, Mayi Nangondo, nkhama zikutuluka magazi, thupi lili mbuu. Atawayeza anapeza kuti vuto lili m'mafuta a m'mafupa. M'menemo ndi momwe mumabadwira maselo a magazi, tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso. Selo likabadwa limakhala lisanasankhe chodzakhala. Lina limasanduka lofiira n'kumanyamula mpweya, lina loyera n'kukhala msilikali wa thupi. Koma maselo a mayiwa anaima pamphambano. Sankakhwima, ankangoswana mpaka kudzaza magazi.

"Mayi, pitani kumudzi mukakhale ndi abale," anatero Bambo Chimbalanga. "Yankho lochokera kunja limatenga miyezi inayi."

"Miyezi inayiyo ndili nayo?"

Bambowo anayang'ana pansi.

"Ndiye pabedi pano sindichoka. Ofuna kundichotsa achite kundinyamula."

Mawu amenewa anawamva anthu atatu ogwira ntchito pamalopo.

Woyamba anali Zione Kamwendo, amene ankayang'ana magazi pamaikulosikopu, makina okulitsa tinthu tosaoneka ndi maso. Anamulamula kuti magazi otsala a mayiwa awataye, iye anakana. Anawagawa m'timbale tagalasi makumi awiri, kalikonse n'kuthiramo chakudya chakechake. Kwa masiku makumi atatu ankawerenga maselo limodzilimodzi n'kumawajambula m'kope, mpaka maso anafiira ngati walowa muutsi. Bambo Chimbalanga atamupeza, Zione sanabise kanthu. "Bwana, taonani kambale aka. Maselo asanu akhwima okha. Chinthu chimene chingathe kukhwima sindingachitaye."

Wachiwiri anali Dziwenji Msosa, katswiri wa masamu amene anamulemba ntchito yongosunga mayina a odwala m'kompyuta. Anabwereka kope la Zione n'kulowetsa manambala onse. Anayesa kasanu ndi kawiri, masamu osagwirizana. Kachisanu ndi chitatu anaona chimene maso sakanaona: m'kati mwa selo lililonse munali mapuloteni awiri okokana ngati anthu olimbirana chingwe, ndipo mphamvu zawo zinali zofanana ndendende. N'chifukwa chake selolo silinkapita uku kapena uko. Kufooketsa mmodzi kwa masiku ochepa kukanakwanira kuti lisankhe. Anafufuza m'mabuku napeza kuti mankhwala ena a matenda a pakhungu, amene anali m'sitolo ya chipatalacho, akanatha kuchita zimenezo. Atauzidwa kuti kompyuta si yoseweretsa, anangoti, "Mundilande makiyi, bwana. Yankho lili kale m'mutu mwangamu."

Wachitatu anali Dokotala Chikaiko Mbendera. Iye anapita ndi pepala kwa Bambo Chimbalanga kuti asaine chilolezo choyesa mankhwalawo, koma anakana ngakhale kuliwerenga. Dokotalayo anapita kwa wodwala n'kukhala pampando pafupi ndi bedi.

"Mayi, sindikunamizani. Mankhwalawa sanaperekedwepo kwa munthu wa nthenda yanu kuno. Akhoza kukuchizani, akhozanso kufulumizitsa imfa. Akuluakulu sanalole."

"Nanga ndikapanda kumwa?"

"Mvula ikubwerayi simuiona."

"Bweretsani madzi," anatero Mayi Nangondo.

Patsiku lachisanu thupi la mayiwo linatentha, mpweya unayamba kubanika. Anamwino anati dokotalayo asiye kuwapatsa mankhwalawo. Dokotala Mbendera anachepetsa mlingo, anawonjezera mankhwala otsegula m'chifuwa, ndipo kwa masiku atatu sanachoke m'chipindamo. Patsiku lachisanu ndi chinayi Zione anaika dontho la magazi pamaikulosikopu naitana anzake. Maselo anali atakhwima. Patatha miyezi iwiri Mayi Nangondo anabwerera kumakina awo osokera.

Nkhani inamveka mpaka kulikulu, ndipo kunabwera akuluakulu a bungwe loyang'anira madokotala. Anakhala kuseri kwa tebulo lalitali, atatu aja ataima kutsogolo, Mayi Nangondo ali pabenchi kumbuyo monga mboni.

Wapampando anati, "Apa pali zinthu ziwiri. Lamulo linaphwanyidwa, ndipo munthu akanafa. Komanso papezeka njira yatsopano imene ichize ambiri. Sitilekanitsa ziwirizi. Mwini wa ntchitoyi achotsedwa, sadzagwiranso m'chipatala chilichonse. Koma njirayi idzatchedwa dzina lake mpaka kalekale. Tikufuna munthu mmodzi. Ndani?"

Ankayembekezera kuti atatuwo ayamba kulozana zala. Sizinatero.

"Ndine," anatero Zione. "Ndikanataya magazi aja, bwenzi achimwene awa akuwerengera chiyani?"

"Achemwali anaona maselo asanu, koma sanadziwe chifukwa chake," anatero Dziwenji. "Kuona si kumvetsa. Lembani dzina langa."

Dokotala Mbendera anavula chikhoti chake choyera n'kuchiika patebulo. "Kope ndi kompyuta sizinaphepo munthu, sizinachizeponso munthu. Dzanja limene linapereka mankhwala ndi ili. Mayiwa akanamwalira mukanagwira ine. Musasinthe lero chifukwa ali moyo."

Pamenepo Mayi Nangondo anaimirira osapatsidwa mpata. "Pepani akuluakulu, ine sukulu ndinalekezera folomu thu, koma ndifunse nawo. Magazi anali a yani? Anakana kupita kumudzi ndani? Anameza ndani? Awa akanalakwitsa akanataya ntchito, ine ndikanataya moyo. Ngati mukufuna wophwanya lamulo, ndine ndinayamba. Ntchito yoti mundichotse ndilibe, koma dzina ndili nalo."

Akuluakulu aja anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Wina anati mwini ntchito ndi amene anaona poyamba, wina anati ndi amene anamasulira, wina anakakamira pa amene anasenza mlandu. Mayi mmodzi wa m'bungwemo anati popanda kukana kwa telalayo palibe akanayamba n'komwe. Pepala la chigamulo linakhalabe patebulo, mzere wa dzina uli wosalemba.

Tsopano cholembera ndachiika m'manja mwanu. Kumbukirani kuti amene mumulembe mwamulemekeza, komanso ngati ali pantchito mwamuchotsa. Pakati pa Zione, Dziwenji, Dokotala Mbendera ndi Mayi Nangondo, inu mulemba dzina la yani?