Khanda Limene Linasiya Kulira

Kudera lina lamapiri, kumene chisanu cha mwezi wa Juni chimaluma makutu, kunali namwino wina. Sanali wotchuka. Anali mayi wathupi lochepa, wolankhula motsitsa mawu, ndipo ntchito yake inali kukweza ana pasikelo, kuwamwetsa mankhwala ndi kulemba papepala.

Chipatala chimene ankagwirako ntchito chinali pa kafukufuku. Panali mankhwala ena a chibayo amene ankachiritsa bwino akuluakulu ndi ana a msinkhu wa sukulu, koma panalibe amene ankadziwa mlingo woyenera makanda. Mwina wina afunsa kuti, nanga chovuta n'chiyani pamenepo, si kungothyola basi? Eetu, ndi mmene timachitira kwathu kuno. Mwana akatentha thupi timatenga piritsi la bambo ake, kulithyola pakati ndi chikhadabo, kuthyolanso kachiwiri, n'kusungunula pasupuni. Musaweramitse mitu, amayi, nanenso ndinachitapo. Timayesa kuti khanda ndi munthu wamkulu wogawidwa panayi.

Madokotala a pachipatalacho sanafune zongoganizira. Anafotokozera makolo zonse, ndipo ovomera anasaina, ena anadinda chala. Mwana aliyense ankamwa mankhwalawo masiku asanu, m'mawa uliwonse, pamaso pa namwino, molingana ndi kulemera kwake. Popeza khanda silingathe kunena kuti mutu ukundipweteka kapena ndikumva chizungulire, ankafunsa mayi ake. Pansi pa pepala la mwana aliyense panali funso limodzi: Kodi mayi waona vuto lililonse pa mwanayu? Patsogolo pake panali timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi. Namwino akachonga inde pa chinthu chachikulu, kafukufuku yense ankaima kufikira atapeza chifukwa chake.

Ankafuna ana mazana awiri, ndipo anali atatsala asanu okha. Zonse zinali kuyenda bwino. Dokotala wamkulu wa kafukufukuyo ankayenda akuimba mluzu m'khonde, chifukwa anali atavutika nayo ntchitoyi zaka zitatu.

Lachinayi lina m'mawa kunabwera mayi wina dzina lake Nagama, atabereka mwana wake wamkazi, Ndaziona, khanda la miyezi iwiri. Linali tsiku lachinayi la mankhwala a mwanayo. Mayiyo analowa nkhope ili mwee, mano onse pamtunda.

"A nesi, mankhwala anuwa ndi odabwitsa," anatero Nagama. "Mwanayu anali wolira kwabasi, sindinkapuma. Koma panopa ali phee, akungogona. Dzulo ndachapa, ndasinja, ndatunga madzi, osandivutitsa ngakhale pang'ono."

Ndani mwa ife sakadakondwa naye? Kwathu kuno mwana wogona ndiye mwana wabwino. Timamuyamikira kuti ndi wofatsa, watengera azakhali ake. Ndipo tonse tinaphunzitsidwa kuti mwana akagona sadzutsidwa.

Namwino uja anafunsa funso lake monga mwa masiku onse. "Mayi, mwaonapo vuto lililonse?"

"Vuto? Ayi ndithu, ndangobwera kudzathokoza."

Namwino anali atakokera kale mankhwala m'kajekeseni kopanda singano kamene ankamwetsera ana. Cholembera chinali m'dzanja, chitaloza pa kabokosi ka ayi. Panja panali amayi ena khumi ndi awiri akudikira pamzere, akunjenjemera ndi chisanu. Kunangotsala kuchonga, kumwetsa mwana, n'kuitana wotsatira.

Koma diso lake linagwera pa bulauzi wa Nagama. Pachifuwa panali ponyowa mbali zonse ziwiri. Mkaka unali kudontha wokha.

"Mayi, mwanayu wayamwa liti komaliza?"

Nagama anayamba waganiza. "M'mawa uno... ayi, ndanama. Dzulo, dzuwa lisanalowe. Ndikamuika kubere akungoyamwa kawiri n'kugonanso. Moti mawerewa andilemera."

Namwino anadziwa kuti zinthu sizili bwino. Koma pompo mawu ena anayamba kumunong'oneza mkati. Mayi wanena yekha kuti palibe vuto, iwe ndiwe yani? Pepala likufunsa zimene mayi waona, osati zimene iwe ukuganiza. Uimitse ntchito ya zaka zitatu chifukwa mwana wagona? Anzako adzakuseka mpaka udzapume pantchito. Anachita mantha, ndipo tisamunamizire kuti anali wolimba mtima kuposa ife.

Anaika cholembera pansi. Anaikanso pambali mankhwala aja.

"Mumasuleni mwanayo, mayi. Mumuvule zonse."

"Iii, a nesi, ndi chisanu chimenechi? Komanso wagona, musandidzutsire."

"Pepani, mayi. Lero ndimudzutsa."

Anachotsa shawelo, anachotsa kachipewa koluka, anachotsa juzi, mpaka kamwana kanatsala kokhakokha patebulo. Khanda lililonse likavulidwa m'chisanu chotero limalira mpaka kumveka kumsewu. Ndaziona anangoti zii. Namwino anamukanda kuphazi ndi chala. Mwanayo anangokwinya nkhope pang'ono, osatsegula maso. Kenako namwino anavula wotchi, nayamba kuwerenga mmene kachifuwa kankakwerera ndi kutsika. Paja akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Anawerenga mphindi yathunthu, nabwerezanso. Kupumako kunali kwapatalipatali, ndipo nthawi zina kachifuwa kankaima ngati kaiwala ntchito yake.

Anatola cholembera, nachonga inde. Pambali pake analemba kuti: Mwana sakulira, sakuyamwa. Mankhwala a lero sindinapereke.

Dokotala wamkulu anabwera msangamsanga, mluzu uja utatha.

"A nesi, mukuimitsa kafukufuku chifukwa mwana wagona?"

"Inde, adokotala. Tulo timeneti si take."

Dokotalayo anamuyang'ana, anayang'ananso mwana. Anali wotopa ndi wokhumudwa, koma sanali munthu woipa. Anaika chomvetsera chake pachifuwa cha mwanayo, ndipo nkhope yake inasintha. Analamula kuti amugoneke m'chipatala, amuike pa mpweya wothandiza kupuma, ndiponso kuti ana ena onse asamwe mankhwalawo kufikira atadziwa chimene chachitika. Nagama ankafinyira mkaka m'kapu, namwino n'kumamumwetsa mwanayo kudzera m'kachubu ka m'mphuno. Anamubaya mwanayo pakachidendene, natenga timadontho tochepa ta magazi, n'kutumiza kukayezetsa kutauni.

Masiku awiri anadutsa. Nagama sanachoke pambali pa bedi. Kumwetulira kuja kunali kutatha, ndipo ankangobwereza mawu amodzi: "Ine ndimati akuchira. Ine ndimati akuchira."

Loweruka masana zotsatira zinabwera. Dokotala anaziwerenga ataimirira, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi. M'timadontho tija anapeza kuti mankhwala a Lolemba anali akadali m'magazi. A Lachiwiri anali momwemo. A Lachitatu analinso momwemo, atasanjikizana. Mwa ana ena mankhwala ankagwira ntchito yake n'kutuluka tsiku lisanathe, koma mwa Ndaziona ankangounjikana ngati madzi m'ngalande yotsekeka. Mlingo wa Lachinayi, uja unatsala patebulo, ukanamugoneka tulo tosadzuka.

Dokotala anaitana Nagama. "Mayi, mwanayu anabadwa masiku atakwana?"

Nagama anazolika. "Ayi, adokotala. Anafulumira, mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri ndi theka. Ndinachirira kumudzi kwa amayi anga."

"Bwanji simunatiuze?"

"Munandifunsa tsiku limene anabadwa. Izi palibe anandifunsa. Komanso zotere sitilengeza."

Dokotalayo anavula magalasi. Kenako anatembenukira kwa namwino, nalankhula ngati munthu amene ali m'tchalitchi. Anati chiwindi ndicho chimasefa mankhwala m'thupi, koma chiwindi cha khanda sichibadwa chikudziwa ntchito zake zonse. Chimaphunzira pang'onopang'ono, ntchito iyi sabata ino, ntchito inayo mwezi wamawa, iliyonse panthawi yake. Sikelo inkanena kuti Ndaziona wakula mokwanira. Kalendala inkati ali ndi miyezi iwiri. Koma mkati mwake, mmene diso silifika, ntchito yomuumba inali isanathe.

Namwino anayang'ana kamimba ka mwanayo, kamene chikhatho chake chimodzi chikanatha kukaphimba konse. Zaka zonsezi ankanyamula makanda ngati mitolo ya zovala, kukweza pasikelo, kutsitsa, kuitana wotsatira. Tsiku limenelo anaopa, osati mantha a Lachinayi aja, koma mantha a munthu amene wazindikira kuti walowa m'nyumba mmene Mmisiri akadali pantchito.

Madokotala anatulutsanso mapepala onse akale. Anapeza ana ena asanu ndi mmodzi amene amayi awo ananena kuti mwana akugona bwino kwambiri, ndipo pa onsewo panachongedwa ayi. Atatsatira, anapeza kuti onsewo anabadwa masiku asanakwane. Anapulumuka chifukwa anali okulirapo pang'ono. Choncho anawonjezera funso latsopano papepala, nasintha mlingo wa ana otere, ndipo kafukufuku anapitirira. Anachedwa ndi miyezi inayi. Koma taganizani za makanda a m'tsogolo, a m'midzi imene namwinoyo sadzafikako, amene adzamwe mlingo woyenera chifukwa namwino mmodzi anaona bulauzi wonyowa.

Nanga Ndaziona? Lamulungu m'mawa, nthawi ngati ino, namwino akusintha nsalu za pabedi, kamwana kaja kanatambasula timiyendo. Kanakwinya nkhope. Kanatsegula pakamwa, n'kulira. Kunali kulira kwaukali, kwanjala, kosalemekeza dokotala kapena mlendo. Amayi a m'chipindamo anaimirira. Wina analuluta. Nagama anamunyamula, misozi ili chuchuchu, namuika kubere.

"Lira, mwana wanga, lira. Sindidzakuletsanso."

Namwino uja anatuluka panja, naima pakhonde, nalira nayenso.

Abale ndi alongo, makolo athu anati mwana wosalira amafera m'mbereko. Sananame, chifukwa ndi mmene dziko lino limayendera. Wolira ndiye amamveka. Wofuula ndiye amathandizidwa. Wokhala chete timamuchongera kabokosi ka ayi, n'kumuyamikira kuti ndi wofatsa.

Koma Mulungu wathu sali choncho. Ngati namwino, munthu wamantha ngati ife, anatha kumva khanda limene silinkalira, nanga Iye amene anaumba khutu? Nanga Iye amene anaika chiwindi m'kamimba kakang'ono kaja, nachiikira tsiku ndi tsiku lophunzirira ntchito yake? Iye sayang'ana sikelo, sayang'ana kalendala. Amadziwa pamene ntchito yake mwa inu yafika, ndi pamene isanathe. Amadziwa mlingo umene mungathe kuusenza, ndipo sathyola piritsi la mnzanu n'kukupatsani.

Ndikudziwa kuti muno muli ena amene anasiya kulira. Kale munkapemphera ndi misozi, lero mwangoti zii. Tikakupatsani moni pakhomo paja mumati, ndili bwino, kaya inu, ndipo ife timachonga ayi n'kupitirira. Timati mwapeza mtendere, pamene inu mwangofooka. Imvani tsono tanthauzo la fanizoli. Kukhala chete kwanuko kwamveka kumwamba. Alipo amene waika cholembera pansi chifukwa cha inu, ndipo akuwerenga kupuma kwanu. Akayamba kukuvulani zofunda zanu zonse, akakukandani kuphazi, musati wakudani. Akukudzutsani. Ndipo tsiku limene mudzatsegule pakamwa n'kumulirira, musadzachite manyazi, pakuti kulira kumeneko ndiko Iye wakhala akukudikira.