Maliro a Nazimbiri pa Ofesi ya Penshoni

Chaka chilichonse, opuma pa ntchito pa esiteti ina ya tiyi ankakaonekera ku ofesi ya penshoni kuti kalaliki asaine chikalata chotsimikiza kuti akadali moyo. Popanda chikalatacho, penshoni inkaima.

Nazimbiri, mmodzi wa opumawo, atafika, kalaliki Kaliwo sanadzutse n'komwe mutu.

"Mayi, maso anga sakuona bwino masiku ano. Mbuzi imodzi ikhoza kuwatsegula. Apo ayi, m'buku muno ndinu omwalira."

"Pepani achimwene, sindimadziwa kuti ndinamwalira," anatero Nazimbiri, n'kutuluka.

Lachisanu, tsiku limene bwana wamkulu ankayendera ofesiyo, Nazimbiri anabwera ndi amayi a kwaya khumi ndi awiri. Anayala mphasa pakhomo, n'kugona chagada, n'kufunda nsalu mpaka kumutu. Amayiwo anaika masamba pamsewu n'kuyamba nyimbo ya maliro, ena akutsinana kuti asaseke.

Bwana anatsika m'galimoto atavula chipewa. "Watisiya ndani?"

Mtembo unavundukula nkhope. "Ndine, bwana. Anandiuza ndi a Kaliwo. Ndabwera kudzatenga ndalama za inshuwalansi ya maliro, kuti bokosi ndikasankhe ndekha."

Kaliwo anatuluka chothamanga, thukuta lili kamukamu, chikalata ndi chidindo zili m'manja.

"Akunama awa, bwana! Ali moyo!" Anasaina pomwepo, chikalata atachitsamiritsa pabondo.

Nazimbiri anadzuka, n'kupinda chikalatacho bwinobwino. "Mwandiona bwanji achimwene, mbuzi ija musanalandire?"

Bwana anatembenuka pang'onopang'ono. "Mbuzi yake iti?"

Amayi onse khumi ndi awiri anakweza manja kuti afotokoze.