Kukana kwa Kopolo Asibu

A Meja Bwanali Chikwenga anafika kwathu itangotha swala, pemphero la masana, m'nyengo imene anthu amakonzekera ulendo wa Haji. Anaimika galimoto pafupi kwambiri ndi khonde, moti fumbi linagwera pamkeka umene malemu bambo anga, Shehe Amidu Mtalika, ankakhalapo. Bambo anali atayamba kale kudwala, komabe anadzuka n'kuwalandira ndi manja awiri. Kale anali shehe wa asilikali, ndipo ngakhale atapuma, asilikali akale ankabwerabe kudzawaona. Ine ndinabweretsa tiyi n'kukhala chapatali.

Atapatsana salamu, a Meja sanazungulire.

"Shehe, chaka chino ndikupita ku Maka. Mwambo mukuudziwa: munthu asananyamuke amayendera onse amene anawalakwira, kukapempha chikhululuko. Ndayenda kwa abale, kwa anzanga, ngakhale kwa mkazi wanga woyamba ndafikako. Watsala munthu mmodzi, Kopolo Asibu Mtila."

Nkhani ya Asibu inali yodziwika pakati pa asilikali akale. Pamene gulu lawo linkalondera njanji kutsidya kwa malire, Asibu anaona dothi lofukulidwa chatsopano pamsewu, ndipo anauza mkulu wake kuti asadutsepo. Mkuluyo anali a Chikwenga. Iwo anali pachangu, ndipo anamulamula kuti atsogole. Bomba lokwirira linamudula mwendo wakumanzere.

"Ndinapita ku ofesi yosunga mbiri za asilikali kukafunsa kumene akukhala," anapitiriza a Meja. "Kalaliki wake, mtsikana woti n'kumubereka ine, anati keyala ya msilikali wopuma sapatsa munthu wamba. Akuti ndisiye uthenga, iwo autumiza, mwini wake asankhe. Shehe, ine amene ndinakalambira m'yunifolomu, lero ndine munthu wamba."

"Uthengawo munausiya?" anafunsa bambo.

"Ndinausiya."

"Anayankha?"

A Meja anatembenuza kapu ya tiyi osamwa. "Anayankha kudzera ku ofesi komweko. Akuti ali bwino, ndipo keyala yake isaperekedwe."

"Ndiye kuti yankho muli nalo kale."

"Yankho limenelo ndi la mkwiyo. Akandiona nkhope afewa. Inu mukudziwa kumene ali. Ndinamva kuti ndinu munamangitsa ukwati wa mwana wake."

"Ndikudziwa, bwana. Sindingakunamizeni."

"Ndiuzeni dzina la mudzi lokha. Sindikupita ndi mfuti. M'galimotomu muli njinga ya olumala yatsopano. Ndikupita kukagwada, ine wamkulu wake. Kodi chipembedzo chimaletsa munthu kulapa?"

"Sichiletsa ayi, ndipo Allah akulipireni chifukwa cha mtima umenewu. Ambiri amanyamuka osakumbukira n'komwe. Koma mundilole ndifunse, poti ine za usilikali ndinkangoonera pambali. Galimoto yanu ikakaima pakhomo pake, Asibu akatuluka bwanji?"

"Akatuluka monga munthu aliyense wolandira mlendo."

Bambo anapukusa mutu pang'ono. "Chaka chatha ndinali naye pamaliro a mnzake. Panadutsa mkulu wina wa asilikali, wopuma ngati inu nomwe, atavala zovala wamba. Asibu anataya ndodo imodzi yoyendera kuti apereke sawasha, ulemu wa chisilikali, ndipo akanagwa pakanapanda munthu womugwira. Palibe anamuuza kuti atero. Thupi lake linangochita lokha."

Bambo anawayang'ana m'maso n'kupitiriza.

"Tsono mukakanena kuti, 'Asibu, ndikhululukire,' mukuganiza kuti akati chiyani?"

"Ndili ndi chikhulupiriro kuti akavomera."

"Inenso sindikukayika. Akati, 'Inde, bwana.' Ndi mawu omwewo amene ananena tsiku lija pamsewu."

Mbuzi za anansi zinadutsa pabwalo. Pamene a Meja anayankhulanso, mawu awo sanali a munthu amene anaimika galimoto pakhonde uja.

"Shehe, ndine wokalamba. Mwina ulendowu sindidzabwerako. Ndikaime pamaso pa Mulungu nditasenza mwendo wa munthu?"

Bambo anasendera pafupi, ngakhale kusuntha kunkawapweteka masiku amenewo, n'kuwagwira dzanja.

"Ndikanakhala ndi mphamvu yokutulani, ndikanakutulani pompano. Koma chikhululukochi si changa, ndiponso keyala si yanga. Anandionetsa njira ya kwawo ngati shehe wake, osati kuti ndiziipereka kwa ena. Njingayo kaisiyeni ku ofesi komweko, akamufunse ngati akuifuna."

"Ndiye ndibwerere chimanjamanja?"

"Mtsikana wa ku ofesi uja anapatsa Asibu chinthu chimene usilikali wonse sunamupatsepo, mpata woti akukaneni. Wakukanani kamodzi kokha m'moyo wake, ndipo ine sindimulanda zimenezo. Uthenga wanu anaulandira, kwanu akukudziwa. Pitani ku Maka mutasenza choncho, mukamupempherere pomutchula dzina. Akadzakuitanani yekha, chimenecho chidzakhala chikhululuko. Chimene mukufuna kukatenga lerochi, bwana, ndi sawasha."