Mphande ya Amayi Asanu

Kalekale, mabotolo asanayambe kutayidwa kudzala, m'mudzi wina wa anthu osula munali mayi dzina lake Nazimbiri. Dzina la mudziwo musandifunse. Senderani kuno, nkhunizi sizidikira munthu.

Tsiku lina dzuwa linali paliwombo, ndipo Nazimbiri anali atagwada pamphero kuyambira m'mawa. Sankapera mawere ayi. Ankapera mikanda.

Anapera, anapera. Mkanda ndi galasi, ana inu, ndipo galasi lilibe chisoni. Limathawa pansi pa mwala, limalowa m'zikhadabo. Zala zake zinali zitang'ambika, koma sanaleke. Akapera ankathira ufawo m'chikho, n'kuutsuka, n'kukhetsa madzi otuwawo. Kutsuka, kukhetsa. Kutsuka, kukhetsa. Mpaka madzi anayera mbee, pansi n'kutsala ufa wowala ngati thambo la m'chilimwe.

Mikandayo inali khumi yokha. Kuti aipeze anasenza makasu pamutu masiku atatu, kukasinthanitsa kwa amalonda a paulendo.

Tsono mverani chifukwa chake. Pabanja pawo panali mphande ya mkuwa, yobulungira ngati mwezi, yovala pachifuwa. Kumaso kwake kunali mizere isanu ya waya, yozungulira, wina kunja kwa unzake. Mayi aliyense, pofuna kupatsa mwana wake wamkazi mphandeyo, ankadzaza mzere umodzi ndi ufa wa mikanda, n'kuusungunula pamoto kuti ugwire mkuwa. Woyera wa pakatikati unali wa Nangondo, amene anayamba. Wakuda unali wa Namilanzi. Wofiira wa Nachanza. Wachikasu wa Nasoko, mayi ake a Nazimbiri. Mzere wachisanu, wakunja, waukulu kuposa yonse, unali wopanda kanthu. Unkadikira iye.

Ndipo panali lamulo. Mikanda ukaipera, ufawo uugawe pawiri. Theka lipite kumaso, theka ulipake kumbuyo kwa mphande, kumene kumagunda khungu, kosaoneka. Amayiwo ankati, "Kumaso kukadya, kumbuyo kudyenso."

Mwana wa Nazimbiri, Ndaziona, ankatengedwa chitengwa. Ankapita kutali, kuseri kwa mapiri awiri, kumene analibe mbale ngakhale mmodzi. Mphandeyo ndiyo inali abale ake. Akadzasungulumwa, adzagwira mzere uliwonse n'kutchula dzina la mwini wake.

Koma mayi a mkamwini, asewere ake a Nazimbiri, anali atabwera kale kudzaona mtsikanayo. Anafika mikanda ili mbwee m'khosi, zigwinjiri mpaka m'zigongono. Ataonetsedwa mphande anaitembenuza ndi chala chimodzi, nati mwaulemu wonse: "Ndi kabwino, asewere. Kwathu totere timamangirira ana akhanda." Mawu amenewo anamukhala Nazimbiri pamtima ngati munga wa kankhande.

Ufa utauma pang'ono Nazimbiri anautengera kuchipala kwa mchimwene wake Kadzuwa, amene ankasula makasu ndi zibangili. Anakhala pansi, natenga nthenga ya nkhuku yosongola, nayamba kudonthezera ufa wonyowa mumzere wake. Pang'onopang'ono, osadumpha waya. Atatha theka anayang'ana. Mtundu unali wotumbuluka, mkuwa ukuonekera pansi. Anayang'ana theka lotsala m'chikho. Anayang'ananso mzere. Kenako anaviikanso nthenga.

Kadzuwa anasiya kuvukuta. Anamufunsa ngati waiwala kugawa. Nazimbiri anayankha kuti sanaiwale, koma kumbuyo kunadya kale kanayi, kukhute zomwezo. Anati mzere wake ndi waukulu, mikanda ndi yochepa, ndipo iye sakufuna kuti mwana wake akasekedwe kuchilendo.

"Mlongo wanga," anatero Kadzuwa, "mkuwa ukamazizira umafinyika. Galasi la kumaso limaukokera uku, la kumbuyo limaukokera uko. Akalingana mphamvu, umagona. Mmodzi akanenepa, umapindika."

"Achimwene, inu mumadziwa makasu. Kumbuyo adzakuona ndani? Vukutani."

Kadzuwa anali munthu wosakonda mkangano. Anayanika mphande padzuwa, anaivundikira ndi phale kuti phulusa lisagweremo, naikwirira m'makala. Anavukuta. Nazimbiri naye anagwira mvukuto wachiwiri. Anavukuta, anavukuta, thukuta likutsikira m'maso. Kadzuwa anasuzumira pansi pa phale. Ufa unali utakhala ngati mchenga wonyowa. Anavukutanso. Unakhala ngati khungu la lalanje. Anavukutanso. Unasalala ngati madzi a m'chitsime. Apo anaitulutsa ndi mbaniro, naiika mumchenga wotentha kuti izizire mosathamanga.

Itazizira, Nazimbiri anaikwecha ndi mwala wosalala. Ana inu, inali yokongola. Mzere wake unali wozama, ngati ukuyang'ana m'dziwe. Mizere ya amayi anayi aja inkaoneka ngati yangobwera kudzaperekeza.

Kadzuwa anaitenga naigoneka pamwala wosulira. Anaikhudza m'mphepete ndi chala. Mphande inagwedera. Sinagone. Inali itapindika pang'ono, ngati tsamba loyamba kuuma.

Anamuuza kuti nthawi ikadalipo. Apitenso akapeze mikanda isanu, ya mtundu uliwonse, ngakhale yonyansa, apake kumbuyo, aiotchenso. Nazimbiri anawerenga masiku. Atatu kupita, atatu kubwera, ndipo alendo odzatenga Ndaziona akufika mkuja. Kuwauza kuti adikire kunali kuwapatsa asewere aja nkhani ina yokasimba kwawo. Anaikulunga mphande pakansalu napita kukatunga madzi a mowa.

Tsiku linafika. Kunali kozizira m'mawawo, mame ali mbuu. Amayi a m'mudzi anakhala pabwalo la nyumba, alendo pamphasa yawo. Ndaziona anagwada. Nazimbiri anamasula kansalu, anakweza mphande m'mwamba kuti aliyense aione. Asewere aja anasiya kutafuna fodya. Maso awo anakana kuchokapo. Nazimbiri anaona zimenezo, ndipo mtima wake unakhuta.

Anaimangirira m'khosi mwa mwana wake. Mkuwa wozizira unagunda chifuwa chofunda. Ndaziona anaika chala pakatikati, monga mwa mwambo.

"Nangondo," anatero.

Panamveka kaphokoso, ngati chimanga chikuthetheka m'phale.

"Namilanzi."

Kanamvekanso. Mng'alu unayambira mumzere wakunja, unadutsa waya, unalowa mkati. Ndaziona asanatchule dzina lachitatu, galasi linayamba kuyoyoka. La mtundu wa thambo, la Nazimbiri, linatsogola. Lachikasu linatsatira. Lofiira, lakuda, loyera, zonse pansi, m'fumbi. Pachifuwa pa mtsikana panatsala mkuwa ndi waya.

Palibe anaseka. Ngakhale asewere aja anayang'ana kumbali.

Ndaziona anayang'ana mayi ake. "Amayi, ndigwire pati?"

Nazimbiri anamuvula mkuwawo. Mwana anapita tsiku lomwelo, m'khosi muli mbee.

Anthu atabalalika, Nazimbiri anagwada pamalo paja. Anasesa fumbi lonse ndi manja, analiika m'lichero, anapeta. Anatsuka, anakhetsa. Anatsuka, anakhetsa. Anayesa kusankha tizidutswa, koyera uku, kofiira uko, koma tambiri tinali ngati mchenga, tosagwirika. Anasankha mwezi wathunthu, m'mawa asanapite kumunda ndi masana akaweruka. Maso anayamba kuchita chidima. Sizinatheke.

Anapita kwa Kadzuwa ndi chikho chake. Anamufunsa ngati ufa wosakanizikawo ungabwererenso kumaso.

Kadzuwa anatapako pang'ono, nausungunula pakachidutswa ka mkuwa kuti mlongo wake adzionere yekha. Unatuluka wotuwa, ngati matope a m'dambo. Woyera munalibe, wofiira munalibe. Thambo lija silinkaoneka n'komwe.

"Uwu ndi wa kumbuyo basi," anatero.

Nazimbiri anamupatsa chikho chija. Kenako anati, "Wongolani mkuwawo, achimwene. Tipake."

Anauwongola. Anapaka ufa wonsewo kumbuyo. Anavukuta awiriwiri. Ndipo Kadzuwa anamuchenjeza kuti tsopano kumbuyo ndiko kwanenepa, mphande isavalidwe mpaka kumaso kutadyanso.

Mvula itatha, Nazimbiri anadutsa mapiri awiri aja wapansi. Anapeza Ndaziona akusinja, ali ndi pakati. Anamupatsa kansalu. Mwanayo anamasula, anaona mizere isanu yopanda kanthu. Anatembenuza, anaona matope owuma aja.

"Onse ali mmenemo," anatero Nazimbiri. "Nangondo, Namilanzi, Nachanza, agogo ako a Nasoko. Ine ndemwe. Koma sungathenso kuloza kuti uyu ndi uyu. Ndinawasakaniza ndine. Ukadzapeza mikanda, udzayambe pakati. Udzagawe pawiri."

Ndaziona anaisunga pansi pa mtanga. Zaka zitapita anadzaza mzere wapakati, mwana wake anadzaza wachiwiri, ndipo mphande inayambanso kuvalidwa. Koma Nazimbiri sanaione. Ndipo ana a m'banjamo akamagwira mizere, amayambira pa Ndaziona. Amayi anayi amene anagawa bwino ufa wawo satchulidwanso, pamodzi ndi mmodzi amene sanagawe.

Makala azilala, nayo nthano yagona pomwepa. Kanyamukeni, mawa kuli ntchito.

Chimene anthu sachiona ndicho chimagwira chimene amachiona.