Foni ya Esinati ku Mbeya

Ana inu, mwandifunsa za mawu aja onena za fupa. Kwathu ku Kasiya amati anayamba ndi Esinati.

Esinati ankagulitsa zitenje, ndipo ankakapikula yekha ku Tanzania. Ulendo wina anapita ali woyembekezera, matenda n'kumuyamba masiku asanakwane. Anachira pachipatala china ku Mbeya. Mwanayo anali wochepa kwambiri, moti anamugoneka m'kabokosi kagalasi kofunditsa makanda.

Anamwino ankayankhula Chiswahili, chimene Esinati ankangodziwako mawu ogulira nsalu. M'mawa uliwonse namwino ankamulozera pachifuwa, kenako n'kuloza mwana. Esinati ankangovomera ndi mutu. Iye ankayesa kuti akumuuza kuti mkaka wake ndi woipa, asamukhudze mwanayo. Choncho ankaima patali, mwana akunka nafooka.

Panali munthu mmodzi wodziwa Chiswahili amene Esinati ankamudziwa: mkulu wake Dorika, yemwe anakhalapo ku Dar es Salaam. Koma awiriwa anali atasiya kuyankhulana kuyambira pamene anakangana za dimba la malemu bambo awo.

Tsiku lina ataona kuti mwana sakuliranso, Esinati anati mumtima, "Akandinyoza andinyoze, koma mwana uyu sindimutaya." Anaimba foni.

"Achemwali, ndine Esinati. Ndachira kuno ku Mbeya, ndipo sindikumva zimene akunena."

Dorika anati, "Mpatse foniyo namwinoyo."

Atayankhulana ndi namwino, Dorika anati, "Iwe, sakukuletsa. Akuti umuike mwanayo pachifuwa pako, khungu kukhungu, umumange ndi chitenje. Mkaka uzimufinyira m'kakapu. Chita panopa, ine sindidula."

Esinati anamunyamula mwana wake koyamba n'kumuika pachifuwa.

Kuyambira pamenepo, adokotala akamazungulira kuona odwala, Esinati ankaimba foni, ndipo Dorika ankasiya khasu kumunda n'kukwera pachulu pomwe foni inkagwira bwino. Ankamasulira zonse, ndipo nthawi zina ankafunsanso mafunso ake. Mwana ananenepa mpaka anatulutsidwa.

Esinati ndi mwana atafika kumudzi, Dorika ndiye anawachingamira pamsewu. Za dimba palibe anatchulapo. Malume awo poona zimenezi anati, "Chibale ndi fupa, sichiola."

Nyama ikafa, mnofu umawola koma fupa limatsala. Mikangano ndiye mnofuwo. Choncho mukadzayambana ndi m'bale wanu, musadzaope kumuitana tsiku la mavuto, ngakhale ali kutali.