Mayi Sakhwi ndi Mphunzitsi Wopanda Zikope

Kalekale, ana inu, ndi inunso akuluakulu amene mukunong'ona kumbuyoko, kudali sukulu ya ana a nyama pansi pa mtengo wa mkuyu. Mphunzitsi wake adali Mayi Sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali, kosadzaza ndi dzanja lomwe.

Sukuluyo idali ya dongosolo. Belu lidali khasu lakutha. Mayina ankaitanidwa kawiri, m'mawa ndi dzuwa likakwera. Ana akasokosa, Mayi Sakhwi sankathyola chikwapu. Ankangoti, "Khalani phee. Kokani mpweya. Sungani. Tulutsani pang'onopang'ono. Tsopano tambasulani manja ndi miyendo." Ana ankatero, mitima n'kukhala pansi.

Tsiku lina a Njiri, wapampando wa komiti ya makolo, adafika ndi mlendo. Mlendoyo adali Nsato. Mutu wake utafika pasukulu, mchira udali udakali kuchitsime.

"Mayi, zanu zokoka mpweyazi n'zachikale," adatero a Njiri. "Awa adaphunzira kutsidya kwa nyanja luso lopinda thupi, lotchedwa yoga. Taonani khosi langali, silitembenuka. Sindifuna ana athu akule ouma chonchi."

"Kalata yochokera kumene ankaphunzitsa ali nayo?" adafunsa Mayi Sakhwi.

"Kalata yanga ndi msanawu, mayi," adatero Nsato, nadzikulunga ngati nkhata. A Njiri adawomba ziboda.

Nsato adasonkhanitsa ana khumi ndi awiri aja, nawazinga ndi thupi lake, ati mphepo ingawasokoneze. "Tsinzinani nonse, ndi akulu omwe," adatero. "Wosuzumira aliyense khosi lake lidzauma mpaka kale."

A Njiri adatsinzina mpaka nkhope kuchita makwinya. Mayi Sakhwi nawonso adatsinzina, posafuna kunyoza mlendo pamaso pa ana. Pamenepo ndiye adalakwa.

Kudali zii. Kudali zii. Kenaka, chapansipansi, mezu.

Atatsegula maso, nthawi yoitana mayina kachiwiri idali itakwana. Nsato sadamasule mpanda wake. Mayi Sakhwi adatenga buku.

"Mwana wa Gologolo."

"Ndilipo."

"Mwana wa Mbira."

"Ndilipo."

"Kafulu."

Kafulu adali mwana wa Fulu, ndipo ankayankha mochedwa masiku onse. Mayi Sakhwi adadikira. Zii.

"Wapita kwawo," adatero Nsato. "Mutu umamupweteka."

Mayi Sakhwi adayang'ana pansi. Sileti ya Kafulu idali pomwepo. Adayang'ana njira ya kwa a Fulu, yoonekera mpaka kudambo. Kafulu ankatha m'mawa wonse kuti angofika pachulu, koma m'njiramo mudalibe munthu. Adayang'ana Nsato. M'munsi pang'ono mwa khosi mudali chotupa chozungulira, chonga chipanda.

"Kodi pakhosipo ndi chiyani, aphunzitsi?"

"Mpweya. Ife ophunzira timausunga pamenepo."

"Mwamva?" adatero a Njiri. "Maphunziro amenewo."

Mayi Sakhwi adaganiza msanga. Akuwe? Ana khumi ndi mmodzi adali m'kati mwa mpanda uja, ndipo Nsato akadangofinya kamodzi. Akhale chete? Chotupa chija chinkatsika, pang'ono, pang'ono, kulunjika kumimba.

"Tsinzinaninso," adatero Nsato, maso ali pa mwana wa Mbira, wonenepa uja. "Ulendo uno mpaka mthunzi ufike pamwala uwo."

Mayi Sakhwi adakoka mpweya. Adasunga. Adatulutsa pang'onopang'ono.

"Bambo wapampando, tisanapitirire," adatero. "Lamulo la sukulu ino mudalivomereza nokha. Mphunzitsi sauza ana chimene iye sadachite pamaso pawo. M'mawa ndaliiwala, ndalakwa ine."

"Lamulo ndi lamulo," adatero a Njiri.

"Ndiye ana apite pamwala paja, akaone bwino."

"Aonera pompano," adatero Nsato.

"Pompano akuona mimba yokha, aphunzitsi. Luso lotere n'loonera patali, ngati gule."

Nsato adayang'ana minyanga ya a Njiri. Adaganizanso za ntchito yabwinoyi, ya mwana mmodzi m'mawa, wina masana, masiku onse a sukulu. Sadafune kuitaya tsiku loyamba. Adatsegula mpanda. Ana adatuluka pamzere monga adazolowera, Mayi Sakhwi akuwayang'ana mpaka womaliza.

"Ndidamva kuti akatswiri enieni a yoga amadzimanga mfundo," adatero Mayi Sakhwi. "Koma mwina ndi nkhambakamwa chabe."

"Zazing'ono zimenezo."

"Mozungulira muzu wa mkuyuwu? Ayi, zimenezo n'zovuta, tisiye."

"Ndati zazing'ono."

"Chabwino. Koma mfundoyo ikhale m'munsi mwa mpweya wanuwo, ungathawire kumchira."

Nsato adalowa pansi pa muzu, adatulukira uko, adapinda, adapisa mutu, mfundo n'kukhala.

"Yalobodoka," adatero Mayi Sakhwi. "A Njiri, tawathandizeni aphunzitsi. Kokani kumchirako."

A Njiri adaluma mchira, adakoka. Adakoka. Mfundo idati gwa. Chotupa chija chidafika pamfundo, chidaima.

"Tsopano tsinzinani, aphunzitsi, monga mudauzira ana."

Nsato maso tong'o.

"Ndatsinzina," adatero.

"Akutiyang'anatu," adatero mwana wa Chule pamwala paja.

Paja njoka ilibe zikope, ana inu. Sitsinzina, siphethira, ingakhale m'tulo.

"Ife ophunzira timatsinzinira m'kati," adatero Nsato.

A Njiri adalavula mchira. "Ndiye kuti m'mawa muja, tonse titatsinzina, inu..."

"Tiwathandize mlendo wathu," adadula Mayi Sakhwi, pakuti nthawi ya mkangano idalibe. "A Njiri, bweretsani mtsuko wa madzi akumwa. Khuthulani. Avekeni kumutu."

Nsato adafuna kukana, koma minyanga idali pafupi ndi diso lake. Mutu udalowa mumtsuko. Mdima bii.

Mayi Sakhwi adakwera pachotupa paja. Chidali cholimba, chosagwedezeka. Adagunditsa khutu, sadamve kanthu. Adayankhula ndi mawu a m'kalasi, a masiku onse.

"Wakhala phee, wachita bwino. Wasunga mpweya, wachita bwino. Tsopano tambasula manja ndi miyendo."

"Ndilibe manja ine," adatero Nsato mumtsuko muja.

"Sindikunena inu."

Zii.

"Tambasula manja ndi miyendo," adateronso Mayi Sakhwi.

Zii. Ana pamwala adagwirana. Kenaka chotupa chija chidamera nyanga imodzi. Yachiwiri. Yachitatu. Yachinayi. Zikhadabo za Kafulu zidayamba kukanda m'kati, kwa kwa kwa.

Nsato adatsokomola. Adafuna kumeza, mfundo idakana. Adafuna kuthawa, muzu udakana. Adaphiriphitha, adamenyetsa mutu pamuzu, mtsuko phwa! Ndipo m'kamwa mwake mudatuluka chigoba chonyowa, gubudu gubudu, mpaka pamapazi pa a Njiri.

Chigobacho chidangokhala. Mutu wosaoneka, miyendo yabwerera m'kati.

Mayi Sakhwi adatsika, adatola buku lawo, adatsegula pamene adalekera.

"Kafulu."

Adadikira. Adadikira. Kamutu kadasuzumira, kadayetsemula.

"Ndilipo, aphunzitsi."

Mayi Sakhwi adalemba, natseka buku. Kenaka adakhala pansi pafumbi.

"Unkachita chiyani m'menemo, mwanawe?" adafunsa a Njiri.

"Ndidasunga mpweya, n'kumadikira kuti aphunzitsi anene kuti tulutsani," adatero Kafulu. "Sadanene."

Nsato adayamba kudandaula. "Bambo wapampando, tandimasulani. Msana ukuwawa."

A Njiri adali kunola minyanga pamuzu womwewo, pafupi ndi mfundo. "Khalani phee, aphunzitsi," adatero. "Mpaka mthunzi ufike pamwala uwo."

Ndipo adatuma ana kuti akankhe mwalawo, aupititse kutsidya kwa dambo.

Nsato adamasuka patapita masiku atatu, atawonda. Mpaka lero mukaona nsato itadzikulunga padzuwa, yosagwedezeka, musati ikupemphera. Ikuyesa kukumbukira mmene mfundo ija idalowera.

M'mawa mwake khasu lidalira pa nthawi yake. Ana adakhala phee, adakoka mpweya, adatsinzina. Mayi Sakhwi okha sadatsinzinenso. A Njiri adagula mtsuko wina, ndipo khosi lawo silitembenukabe.

Nthano yanga ndaimanga mfundo pamenepa. Kutsinzina n'kwabwino, ana inu, mtima umapuma. Koma wokuuzani kuti tsinzinani, yambani mwamuona ngati ali ndi zikope.